Liwu la Chingerezi lakuti mechanical: mafunso ndi mayankho

Ndine mphunzitsi wa Chingerezi kuno ku Chipata, ndipo mng'ono wanga ndi makaniko. N'chifukwa chake liwu lakuti *mechanical* limandipeza kulikonse. Mwana wa ku sekondale amabwera nalo kuchokera m'buku la sayansi, dalaivala amabwera nalo litalembedwa pa pepala la ku galaja, mayi wofuna kugula galimoto yakale amandionetsa pa foni. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera, ndipo ndawayankha monga ndimayankhira tikakhala pakhonde madzulo.

Kodi *mechanical* limatanthauza chiyani kwenikweni?

Dikishonale ikuuzani kuti ndi mfotokozi, liwu lofotokoza chinthu chokhudza makina. N'zoona, koma yankho limeneli limamusiya munthu panjira. Ife foni timaitcha makina, kompyuta makina, chotulutsa ndalama ku banki makina, pomwe mwini Chingerezi sanganene kuti foni ndi *mechanical*. Chimene liwuli limaloza ndi mphamvu yodutsa m'zitsulo zimene zikukhudzana, kukankhana, kukokana ndi kuzungulira.

Tengani njinga, popeza kuno kwathu palibe amene saidziwa, ndipo akuluakulu akukumbukirabe njinga za Eagle zimene zinkapangidwa ku Luangwa Industries konkuno. Phazi lakankha pedulo, pedulo yazunguza giya lalikulu, mano a giyalo akoka tcheni, giya laling'ono la kumbuyo lazungulira, tayala layenda. Ngati giya la kutsogolo lili ndi mano 44 ndipo la kumbuyo lili ndi 22, mukapalasa kamodzi tayala limazungulira kawiri. Palibe waya, palibe batire, zonse mukhoza kuzitsata ndi chala kuchokera ku phazi mpaka pansi. Chimenecho ndicho *mechanical*.

Pitani ku chigayo mukaone zomwezo. Injini ikuzunguza pule, lamba akutenga mphamvuyo kukapereka ku shafuti, nyundo zikumenya chimanga mpaka chitanyenyeka n'kudutsa pa sefa. Pa mjigo, mukatsitsa chogwirira, ndodo yachitsulo imakoka pisitoni imene ili pansi, madzi n'kukwera. Makina osokera opalasa ndi phazi, makina oswera nshawa, yenga wofinyira mafuta a mpendadzuwa, loko wa pakhomo, jeke wa galimoto, zonsezi ndi za m'banja limodzi.

Ophunzira anga ndimawauza kuti akakayika azidzifunsa funso limodzi: kodi pali chimene chikuyenda n'kukankha chinzake? Ngati chilipo, liwuli lili pamalo pake.

Limatchulidwa bwanji? Ena amati "mechaniko", ena "mekaniko".

Achiwiriwo ndiwo ali pafupi. Zilembo *ch* m'liwuli zimamveka ngati k, monga zimamvekera mu *school*, *chemistry* ndi *Christmas*. Lili ndi maphatikizo anayi ndipo mawu amakwera pa lachiwiri: me-KA-ni-kl. Loyambalo mulidutse mopepuka, lomalizalo musalitalikitse.

Anthu a kuno timalakwitsa pa chifukwa chomveka. M'chinenero chathu *ch* ndi wa mu Chipata, Chadiza, chimanga, ndiye lilime limathamangira komweko.

Nanga bwanji *machine* amati "mashini", pomwe *mechanical* amati "meka"? Si liwu limodzi?

Muzu wake ndi umodzi, koma mawuwa anafika m'Chingerezi podzera njira zosiyana. Agiriki akale anali ndi liwu lakuti *mekhane*, kutanthauza chida kapena nzeru yochitira chinthu chovuta. Aroma analitenga n'kukhala *machina*, ndiponso anali ndi *mechanicus*. Liwu lakuti *machine* linadutsira kwa Afalansa, amene *ch* amamutchula ngati sh, ndipo Angerezi analilandira ndi katchulidwe komweko. *Mechanical* linasunga k wa Agiriki.

Pali chinthu china apa chimene chimandisangalatsa kwambiri. Apwitikizi amati *máquina*, kuchokera ku Chilatini chomwecho, ndipo ife timati makina. Tinalandira kwa iwo monga tinalandirira nsapato ndi kalata. Choncho agogo amene sanapondeko m'kalasi akamati "makina a chigayo afa", akutchula k yemweyo amene ali mu *mechanical*. Mwana akandivuta ndi katchulidwe ndimamuuza kuti ayambe wanena makina, kenako makaniko, kenako *mechanical*, ndipo lilime limamasuka lokha.

Ndinalemba kuti *My uncle is a mechanical*, aphunzitsi anandichongera cholakwa. Ndinalakwa pati?

Munaika mfotokozi pamalo pa dzina. Zili ngati kunena kuti "amalume anga ndi a" n'kusiyira pomwepo, womvera adikira kuti a chiyani. Munthu wokonza magalimoto ndi *a mechanic*, ndiye munayenera kulemba *My uncle is a mechanic*. Ngati mukufuna liwu lalitalilo, lipatseni dzina loti litsamire: *a mechanical engineer*, *a mechanical fitter*.

Chingerezi chili ndi mawu ambiri oyenda awiriawiri motere. Mumadziwa *clinic* ndi *clinical officer*, *music* ndi *musical instrument*, *logic* ndi *logical answer*. Lalifupi ndi dzina, lothera ndi *-al* ndi lofotokoza. Kulakwitsa kwina ndi kobwerera chammbuyo, pamene munthu alemba *a mechanic problem*. Apo pafunika *a mechanical problem*.

Basi yathu inafera pafupi ndi Nyimba, kondakitala n'kutiuza kuti ndi *mechanical fault*. Ankatanthauza chiyani?

Ankatanthauza kuti chawonongeka ndi china mwa zitsulo zoyenda: injini, giyabokosi, kilachi, mabuleki, shafuti, chiwongolero. Sanali kunena za ngozi, kutha kwa dizilo kapena kugwidwa ndi apolisi. Pa msewu wa Great East, makamaka m'mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, basi yodzaza imagwiritsa ntchito kwambiri mabuleki ndi magiya potsika ndi pokwera, ndiye mawuwa amamveka kawirikawiri.

Mumvanso *mechanical failure*, *mechanical problem* ndi *mechanical breakdown*. *Fault* ndi chilema chimene chingakhalepo galimoto ikuyendabe. *Failure* ndiye kuti chitsulocho chasiyiratu ntchito. *Breakdown* ndiye kuti mwaima, tsikani mukhale pamthunzi.

Koma kunena zoona, anthu ambiri amagwiritsa ntchito mawuwa ngati chofunda chophimbira zonse, ngakhale asanadziwe chimene chavuta. Inu amene mwalipira tikiti muli ndi ufulu wofunsa mwaulemu kuti, "Abwana, chawonongeka n'chiyani kwenikweni, ndipo titenga nthawi yaitali bwanji?" Safunsa anadya phula.

Ndingasiyanitse bwanji *mechanical* ndi *electrical*?

Apa mpamene pagona nkhani, ndipo ndiyankha motalikirapo chifukwa kusadziwa kusiyanaku kumadyetsa anthu ndalama. *Electrical* ndi za magetsi oyenda m'mawaya: batire, fyuzi, alitaneta, nyali, hutala. *Mechanical* ndi za mphamvu yoyenda m'zitsulo. N'chifukwa chake ku magalaja mumapeza anthu awiri osiyana, makaniko ndi wa mawaya, amene pa chikwangwani chake amalemba *auto electrician*.

Mng'ono wanga anandiphunzitsa kuti ziwirizi zimabisalirana. Tsiku lina kunabwera bambo wina ndi galimoto imene nyali ya batire inkayaka pa dashibodi. Iwo anali atatsimikiza kale kuti batire yatha, ndipo ankangofuna kudziwa mtengo wa yatsopano. Mng'ono wangayo atatsegula boneti anapeza kuti fanibeluti yaduka. Lamba ameneyu ndiye amazunguza alitaneta, ndipo alitaneta ikaima batire silandiranso moto. Chizindikiro chinali cha magetsi, koma nthenda inali ya *mechanical*, ndipo mankhwala ake anali lamba wotsika mtengo kuposa batire.

Zimachitikanso mobwerera. Mwapotokola kiyi, mukungomva "tha, tha", injini osazungulira. Mtima umathamangira kuti injini yagwira, pomwe nthawi zambiri ndi batire yofooka kapena matemino odetsedwa. Sitata yeniyeniyo ili mbali zonse ziwiri: ndi mota ya magetsi, koma ili ndi kagiya kamene kamalowa m'mano a fulaiwilo kuti kazunguze injini.

Ngakhale malaiti amene timayatsa m'nyumba amayambira ku *mechanical*. Ku Kariba madzi amatsika mwamphamvu n'kuzunguza zitsulo zazikulu zolumikizidwa ku jenereta, ndipo jenereta ndiyo imasandutsa kuzungulirako kukhala magetsi. Buku la sayansi limati *mechanical energy* yasanduka *electrical energy*. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi m'nyanjayo, chozunguza chinachepa, magetsi nawonso anachepa, ndipo tonse tikukumbukira mmene chigayo cha dizilo chinasandukira bwenzi la pamtima.

Liwu lachitatu ndi *electronic*, la zinthu monga foni, wailesi ndi kompyuta, mmene magetsi ochepa kwambiri amanyamula uthenga. Komabe foni yanu ikamanjenjemera m'thumba, muli kamota kakang'ono kamene kakuyenda m'kati mwake, ndipo kameneko ndi kachiwalo ka *mechanical*.

Galimoto yanga ndi ya otomatiki. Ndiye kuti si *mechanical*?

Ndi *mechanical* ndithu. Mawuwa sakutsutsana, akuyankha mafunso osiyana. *Automatic* likuyankha funso lakuti ndani akusintha magiya, ndipo linachokera ku liwu la Chigiriki lotanthauza chochita chokha. Mnzake wotsutsana naye ndi *manual*, lochokera ku *manus*, dzanja m'Chilatini. *Mechanical* likuyankha funso lina, lakuti mphamvu ikudutsa mu chiyani. Giyabokosi ya otomatiki ili ndi zitsulo zozungulira monga ya manyuwo, kungoti imasankha yokha nthawi yosinthira.

Wotchi imaonetsa bwino zimenezi. Ya agogo ija yopotokola m'mawa uliwonse ndi *mechanical watch*, chifukwa imayenda ndi sipuling'i ndi timagiya. Ya batire si *mechanical watch*. Ndiye palinso ina yotchedwa *automatic watch*, yopanda batire, imene sipuling'i yake imadzipotokola mkono ukamagwedezeka. Imeneyo ndi *automatic* komanso *mechanical* nthawi imodzi.

M'buku la sayansi muli *mechanical advantage*. Nchiyani chimenechi?

Ndi nambala yosonyeza kuti chida chachulukitsa kangati mphamvu yanu. Mumagawa kulemera kwa katundu ndi mphamvu imene mwagwiritsa ntchito.

Tiyerekeze ndi thumba la feteleza la makilogalamu 50, limene kulemera kwake ndi pafupifupi manyutoni 500 (nyutoni ndi muyeso wa mphamvu). Mwaliika mu wilibala, pakati pa thumbalo pali masentimita 30 kuchokera pa ekiselo ya tayala, ndipo manja anu agwira pa masentimita 120. Mukagawa 120 ndi 30 mupeza 4. Ndiye kuti, tikapanda kuwerengera kulemera kwa wilibalayo, manja anu akunyamula manyutoni 125 okha. Nambala 4 imeneyo ndiyo *mechanical advantage*, ndipo pa mayeso musailembere yuniti iliyonse kumapeto, chifukwa manyutoni agawidwa ndi manyutoni anzake.

Aliyense amene anakankhapo wilibala amadziwa kuti katundu amapepuka mukamusunthira kufupi ndi tayala. Aliyense amene anatungapo pa mjigo amadziwa kuti kugwira kunsonga kwa chogwirira n'kosavuta kusiyana ndi kugwira pakati. Makaniko akamalumikiza paipi ku sipana kuti amasule nati yokana, akuchita samu yomweyi. Zimandipweteka mtima kuona mwana amene amachita zonsezi kunyumba akulephera funsoli pa mayeso a ECZ, bungwe loyendetsa mayeso a sukulu m'Zambia, chifukwa choti liwu la Chingerezi lamuopseza.

Nanga *mechanical digestion* ndi *mechanical weathering*? M'mimba ndi m'miyala muli makina?

Mulibe, ndipo apa mpamene tanthauzo lakuti "zokhudza makina" limaonekera kuperewera kwake. M'maphunzirowa *mechanical* akulisiyanitsa ndi *chemical*. Loyamba ndi kuswa chinthu ndi mphamvu, chinthucho n'kukhala tizidutswa koma osasintha chimene chili. Lachiwiri ndi kusintha chinthucho kuti chikhale china.

Mano akamatafuna nsima, ndi chifu chikamafinya ndi kuvundula chakudya, imeneyo ndi *mechanical digestion*. Nsimayo yangochepa, idakali nsima. Koma malovu ali ndi mphamvu yosandutsa sitachi kukhala shuga, n'chifukwa chake mukatafuna nthongo kwa nthawi yaitali imayamba kuzuna pang'ono. Imeneyo ndi *chemical digestion*.

Miyala nayonso chimodzimodzi. Kwerani limodzi mwa mapiri otizungulirawa muone matanthwe amene akusendeka ngati khungu, ndi ena amene mizu ya mitengo yalowa m'ming'alu n'kuwang'amba. Dzuwa la mu Okutobala limafutukula mwala masana, usiku umanyala, ndipo zaka zikachuluka umasweka. Imeneyo ndi *mechanical weathering*, mabuku ena amati *physical weathering*. Chigayo ndi mtondo zimachita chimodzimodzi ndi chimanga.

Ndinamva wina akuti *her greeting was mechanical*. Munthu angakhale *mechanical*?

Angakhale, ndipo si chiyamikiro. Ili ndi tanthauzo lophiphiritsa: kuchita chinthu thupi lokha, mtima uli kwina. Ife timati moni wa pakamwa chabe. Mwalowa mu ofesi, munthu wati "muli bwanji" maso ali pa foni, yankho lanu sanalimve n'komwe. Chingerezi chimati moni wotero ndi *mechanical*, chifukwa watuluka monga ufa umatulukira m'chigayo, popanda kuganiza.

Aphunzitsi amalemba liwuli pa ntchito ya ana. Akalemba kuti *your reading is mechanical*, akutanthauza kuti mawu onse mukuwatchula bwino koma zikuoneka kuti simukumva chimene mukuwerenga. Ine ndimaliona vutoli chaka chilichonse. Mwana waloweza kuti *mechanical means relating to machines*, amanena mosadodoma, koma mukamuonetsa mpini wa mjigo ndi foni n'kumufunsa kuti cha *mechanical* n'chiti mwa ziwirizi, amangoyang'ana pansi. Mlandu si wa mwanayo ayi. Tinamupatsa liwu popanda chinthu choti agwire m'manja.

Samalani kuti musasokoneze ndi *mechanically minded*. Ameneyo ndi mwana uja amene amamasula loko wakufa n'kumubwezeretsa akugwira ntchito, amene amapanga galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota matayala. Kumeneko ndi kuyamikira kwenikweni.

Wogulitsa galimoto walemba kuti *mechanically sound*. Ndikhulupirire?

Liwu lakuti *sound* apa si phokoso, likutanthauza chabwinobwino, chopanda chilema. Iye akunena kuti injini, giyabokosi, mabuleki ndi zam'munsi zili bwino. Taonani zimene sananene: sanalankhulepo za bodi, dzimbiri, mipando, mawaya kapena mapepala. Nthawi zambiri mawuwa amalembedwa pa galimoto imene maonekedwe ake atopa.

Ndi mawu a wogulitsa, si umboni. Pitani ndi makaniko wanu, osati wake. Muilize m'mawa injini ili yozizira, muone utsi, muyende nayo pokwera, ndipo muone ngati fitinesi ya ku RTSA, bungwe loona za magalimoto pamsewu, idakali ndi masiku. Polemba, kumbukirani kuti *mechanically* lili ndi *-ally* kumapeto, ngakhale potchula *a* ameneyo samveka.

Ndinganene kuti *very mechanical*? Nanga ndi *a* kapena *an*?

Ndi *a*, chifukwa liwuli likuyamba ndi m. *Very mechanical* imamveka bwino pa tanthauzo lophiphiritsa lija, monga kavinidwe kopanda moyo. Pa vuto la galimoto ayi: vuto ndi la *mechanical* kapena si la *mechanical*, palibe pang'ono kapena kwambiri.

Kodi *mechanical*, *mechanised*, *mechanism* ndi *mechanics* n'chimodzimodzi?

Ndi ana a mayi mmodzi, ntchito zosiyana. *Mechanised* ndi ntchito imene kale inkagwiridwa ndi manja kapena ng'ombe ndipo tsopano yapatsidwa makina. Mlimi wa ku Katete amene wasiya khasu n'kuyamba kulima ndi thirakitala akuchita *mechanised farming*. Ena amalemba ndi z, *mechanized*, ndipo zonse n'zololedwa malinga musasakanize m'nkhani imodzi.

*Mechanism* ndi dzina la tizitsulo togwirira ntchito pamodzi, monga za m'kati mwa loko. *Mechanics* lili pawiri. Likhoza kukhala amakaniko ambiri, kapena gawo la fizikisi lophunzira za mphamvu ndi kayendedwe ka zinthu, lija la malamulo atatu amene Isaac Newton anafalitsa mu 1687. Likakhala phunziro limatenga mneni wa chinthu chimodzi: *mechanics is interesting*.

Mwana wanga akufuna *mechanical engineering*. Ndiye kuti adzakhala makaniko?

Ayi mayi, ngakhale ntchito ziwirizi zimagwirana chanza. Makaniko amapeza chimene chawonongeka n'kuchikonza. *Mechanical engineer* amawerengera ndi kujambula makina asanapangidwe: shafuti ikhale yonenepa bwanji kuti isathyoke, chitsulo chake chikhale chanji, pampu ikoke madzi ochuluka bwanji. Amagwira ntchito m'migodi, m'mafakitale a shuga ndi simenti, m'malo opangira magetsi, m'majinale a thonje.

Digiri yake imaphunzitsidwa ku University of Zambia ku Lusaka ndi ku Copperbelt University ku Kitwe, ndipo imafuna masamu ndi sayansi zolimba pa Giledi 12. Akamaliza amalembetsa ku Engineering Institution of Zambia kuti aloledwe kugwira ntchito. Njira ina ndi ya masukulu a ntchito zamanja oyang'aniridwa ndi TEVETA, monga Chipata Trades Training Institute. M'mayina a makosi a TEVETA mupezamo *automotive mechanics* ndi *mechanical fitting*, dzina kwina, mfotokozi kwina, monga tafotokozera pamwambapa.

Musaione njira yachiwiriyi ngati ya olephera. Mng'ono wanga amamva kulira kwa injini n'kudziwa kuti bering'i yatha asanagwire sipana, ndipo luso limenelo ladyetsa banja ndi kuphunzitsa ana.

M'chinenero chathu tinganene bwanji *mechanical*?

Palibe liwu limodzi lokwanira paliponse, ndipo sindiona chifukwa cholikakamizira. *Mechanical fault* ndi kuwonongeka kwa zitsulo za galimoto, ngakhale makaniko weniweni amangotchula chinthucho: kilachi yapsa, injini yagwira. *Mechanical digestion* ndi kutafuna ndi kupera chakudya. *Mechanical greeting* ndi moni wa pakamwa. *Mechanical engineer* ndi injiniya wa makina. Yambani mwamva chimene chikuchitika, kenako munene monga mungauzire mnansi wanu.

Ndachedwa ku ntchito chifukwa basi inawonongeka. Ndilembe bwanji kwa abwana?

Lembani mwachidule: *I reported late because the bus developed a mechanical fault near Sinda.* Mneni *developed* ndi amene amayenda kawirikawiri ndi *fault*, ngakhale *had* nayenso salakwika. Musalembe *the bus was mechanical*, chifukwa basi iliyonse ndi yotero, yoyenda ndi yakufa yomwe. Ngati munaona ndi maso anu chimene chinavuta, chitchuleni: *the fan belt snapped*, kapena *the clutch failed*. Ngati linali tayala lophulika, nenani *a tyre burst*, ndipo muonjezere nthawi imene munanyamukanso.